Kuseri kwa Galasi Lakuda

Mpaka lero ndikaona wapolisi atakweza dzanja pamsewu, ndimakumbukira tsiku lija. Anzanga amati ndiiwale, zinapita. Zinapita kwa ndani? Kwa ine sizinapite, ndipo amene akufuna nkhani yoseketsa apite akamve kwina.

Dzina langa ndine Ennie. Ndine sikauti wa m'mudzi kuno ku Nsefu, mmodzi wa anthu amene timayenda m'tchire kuchotsa misampha ya waya ndi kugwira opha nyama mozemba. Ntchitoyi ndaigwira zaka zisanu ndi zinayi. Pakampu pathu amanditama kuti sinditopa kuyenda, koma amandiopanso chifukwa pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Mkulu wathu anandiuzapo kuti tsiku lina ndidzakalipira njovu ndipo njovuyo idzapepesa. Nthawi imeneyo ndinaseka.

Peggy anandipeza pa kiliniki mu Epulo. Anali atabereka kumbuyo mwana wake Winnie, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wamkulu kale woti n'kumayenda yekha. Mwendo wa mwanayo unali wokulungidwa kuyambira m'kakolo mpaka m'bondo. Anali atakodwa mu waya wotchera nswala panjira ya kumtsinje, ndipo wayayo anadula mnofu mpaka fupa kuonekera. Pamudzi pawo panalibe amene sankadziwa mwini wayayo. Anali Mathew, mkulu wake wa Jason, mwamuna wa Peggy. Banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti ku kiliniki akanene kuti mwana anachekedwa ndi lata. Jason anavomera. Jason ndi munthu uja amene amagwedeza mutu funso lisanathe.

Peggy kwawo ndi ku Malama, kutali kumunsi kwa chigwa. Ku Nsefu anabwera ndi ukwati, kudzakhala pamudzi pa mwamuna wake. Nyumba yake, nkhokwe yake, munda wake wa thonje umene unali utayamba kuyera, zonsezo zinali pa dothi la apongozi ake. Analibe m'bale ngakhale mmodzi woti n'kumuimirira.

Anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi n'kulankhula osandiyang'ana.

"Sinifuna Mathew yekha, a Ennie. Mukamugwira, mailo kukaca adzatchera wina. Pali nyumba kufupi na eyapoti kumene amakasiya nyama. Mwini wake ndiye amawapatsa mawaya. Ninapitako kamodzi, ananisenzetsa thumba."

"Nyumba iti?"

"Dzina sinidziwa. Nikaiona ningailoze. Koma akadziwa kuti ndine, cikwati canga catha, na munda, na zonse."

Ndinagwira pachifuwa panga. "Palibe adzakuonani, amake Winnie. Ndikulonjeza ine."

Mawu amenewo sindinawanene mwachibwana, chifukwa tili ndi njira yathu yogwirira ntchito yotere. Munthu amene watitsina khutu sitimukweza m'galimoto ya kampu, imene ngakhale mbuzi za m'njira zimaidziwa. Dzina lake sitililemba paliponse. Timapeza galimoto wamba ya magalasi akuda, munthuyo amakhala kumbuyo, timadutsa pang'onopang'ono osaima, iye amangoloza ali mkati. Kenako timadikira sabata imodzi kapena ziwiri tisanapite kukasecha, kuti wina asalumikize ulendowo ndi kubwera kwathu. Tachita zimenezi kambirimbiri ndipo palibe anadziwikapo.

Galimoto inali ya mlongo wanga wamng'ono, Boyd. Iye amanyamula alendo ndi antchito a m'maloji kuchokera pa eyapoti ya Mfuwe. Galimoto yakeyo ili ndi mizere itatu ya mipando ndi chitseko chokankhira cham'mbali, ndipo inabwera kuchokera kunja magalasi akumbuyo ali akuda kale. Si pepala lomata lija anyamata amaika kuti aoneke olemera, kudako kuli m'galasi mwenimwenimo. Boyd ndi dikoni kutchalitchi, bambo wa ana atatu, woleza mtima mpaka kukwiyitsa. Tinabadwa m'mimba imodzi koma ukali wonse ndinatenga ndine.

Peggy anakana kukwera yekha ndi mwamuna wachilendo, ndipo sindinamutsutse. Mkazi wapabanja kupezeka m'galimoto ya magalasi akuda ndi mwamuna wa wina, nkhani yake imafika kumudzi iye asanafike. Choncho ndinati ndipita nawo. Anzanga pakampu anandichenjeza kuti nkhope yanga imadziwika chigwa chonse, ngakhale nditavala chitenje ndi duku. Ndinawayankha kuti nanga galasi lakuda ntchito yake n'chiyani.

Linali Lachinayi m'mawa, kumayambiriro kwa Meyi. Kunyumba Peggy ananena kuti akupita ku kiliniki kukatenga mankhwala a mwana. Tinamutenga pansi pa mtengo wa bwemba pamene njira imakhota, ndipo analowa mwachangu ngati akuthawa mvula. Ntchito yeniyeniyo sinatenge ngakhale mphindi imodzi. Kuseri kwa chigayo, kufupi ndi msewu wa ku eyapoti, panali nyumba ya chitseko chobiriwira. Peggy anakweza chala n'kuchibweza msanga pamiyendo. Boyd sanachepetse n'komwe liwiro. Tinakatembenukira kutsogolo n'kuyamba kubwerera, ndipo ndinaona Peggy akupuma bwino koyamba tsiku limenelo.

Pamphambano pamene msewu wathu wafumbi umachoka pa tala, popita panalibe kanthu. Pobwerera tinapeza migolo iwiri itaikidwa pakati pa msewu ndi apolisi atatu. Pamalopa pali kamsika, amayi amayala tomato ndi nsomba zouma m'mbali mwa msewu. Peggy ndiye anayamba kumuona. Pamzere wa ogulitsa nsomba, wachitatu kuchokera kumapeto, panakhala Fridah, mkazi wa Mathew.

"Mayo ine," anatero Peggy chapansipansi. Koma mutu wake unagwira ntchito msanga kuposa wanga. "Pitani kumbuyo, a Ennie. Gonani pansi."

"Sangatione. Galasi ndi lakuda."

"Nanga akatsegula? Akaniona nekha adzakamba kuti nili na cisumbali, mwamuna wa kumbali, izo nidzalumbira, nidzalira, zidzatha. Akaniona na imwe palibe columbira. Pitani!"

Ndinakwawira kumzere wachitatu n'kudzipinda pansi pakati pa mipando. Peggy anamasula chitenje chake chapamwamba, anadzifunditsa mutu wonse n'kutsamira pagalasi ngati munthu wa malungo. Ine ndinadzutsa mutu pang'ono kuti ndizisuzumira. Ubwino wa galasi lakuda ndi womwewo, ndiponso kuipa kwake: iwe uli mkati umaona zonse.

Amene anatiimika anali sajeni wina dzina lake Benwell, wobwera kumene kuchokera kutauni. Anali wamtali, yunifomu yosita bwino, ndipo kumaso anavala magalasi akuda bii. Munthu wodana ndi magalasi akuda, iye maso ake osaoneka.

"Muli bwanji, bwana," anatero Boyd.

"Layisensi."

Boyd anapereka. Sajeni anayang'ana layisensi, anayang'ana mapepala omata pagalasi lakutsogolo, anazungulira n'kuponda matayala onse anayi ndi nsapato. Anauza Boyd kuti ayatse magetsi, aimbe huta. Zonse zinali bwino, ndipo zinkaoneka kuti zimenezo zamukhumudwitsa. Kenako anagogoda ndi chala pagalasi limene Peggy anatsamira.

"Manje iyi tinti ni ya chani? Simuziba kuti ni offence?"

"Inabwera tero, bwana. Ni ya ku fakitale, si yomata."

"Bonse mumakamba so. Seluka."

Boyd anatsika. Sajeni anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa lezala. Pambali pa mgolo ndinaona mulu wa mapepala akuda opindikapindika amene anali atasenda kale pa galimoto zina m'mawa umenewo. Anaika lezala pakona ya galasi lakumbuyo, pamwamba penipeni pa mutu wanga, n'kuyamba kukanda. Galasi linalira mpaka mano anga kuyabwa. Palibe chinasendeka. Anasamukira pakona ina, anakanda, anayesa ndi chikhadabo, anakandanso. Anangosiya mizere yoyera pagalasi la mlongo wanga.

Anthu anali atayamba kusonkhana. Apanjinga anatsitsa mapazi pansi, amayi a tomato anaimirira. Bambo wina wonyamula makala anakuwa ali chapatali, "Yesani na sopo, bwana!" Msika wonse unafa nacho chiseko. Ndinaona khosi la sajeni likufufuma pamwamba pa kolala.

"Muli ndani mukati?"

"Odwala, bwana. Nabwera nawo kucipatala."

Sajeni anagwira chitseko cham'mbali n'kuchikankha pang'ono, mpata wokwana dzanja. Ndinatsitsa mutu. Anaona mulu wa chitenje ukunjenjemera, ndipo kunjenjemerako sikunali kwabodza. Kenako anatseka chitseko.

Pamenepo zikanatha. Koma Boyd, mwa ulemu wake uja, anafunsa funso.

"Bwana, nifunseko cabe kuti nidziwe, popeza nipita pano masiku onse. Ni lamulo liti limene likamba za tinti ya ku fakitale? Kuti ngati nalakwa nikakonze."

Analibe mwano, ine ndimamudziwa. Ankafunadi kudziwa. Koma munthu amene wangosekedwa ndi msika wonse samva funso, amamva chipongwe.

"Ufuna kunipunzisa nchito iwe?"

Sajeni analowetsa dzanja pawindo lakutsogolo, anazula makiyi n'kuwaponya m'fumbi patsogolo pake.

"Lamulo ni iyo apo. Tola."

Boyd anawerama. Sajeni anaika nsapato pamwamba pa makiyiwo.

"Osati so. Gwada. Upepese."

Ndipo Boyd anagwada. Mlongo wanga, amene ndinamubereka kumbuyo amayi ali kumunda, munthu amene amaima kutsogolo kwa mpingo Lamulungu, anagwada m'fumbi atavala malaya ake oyera a ntchito, pamaso pa amayi ogulitsa tomato. Anati, "Pepani, bwana." Sajeni anachotsa phazi n'kutembenuka kuyang'ana galimoto ina imene inkabwera.

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa kwa miyezi yambiri ndinkalumpha pamenepa ndikamafotokoza. Nkhani inali itatha. Makiyi anali m'manja mwa Boyd. Sajeni anali atatipatsa kale msana. Kukanakhala kupirira mphindi imodzi yokha, tikanakhota kulowa msewu wafumbi, Peggy akanatsikira pa bwemba paja n'kukafika kwawo ndi mankhwala amene ndinali nditamutengera kale dzulo lake.

Sindinapirire. Magazi anandithamangira kumutu ndipo sindinaonenso china koma mawondo a Boyd atayera ndi fumbi. Ndinadzuka, ndinalumpha mpando. Peggy anandigwira chitenje ndi manja awiri.

"A Ennie, conde. Conde, mwana wanga."

Ndinamva mawuwo. Sindinganame kuti sindinawamve. Ndinadzikoka mwamphamvu, ndinakankha chitseko mpaka chinakagunda kumapeto, ndipo ndinatsika. Zitseko zotere ukazikankha mpaka kumapeto zimakodwa, sizibwerera zokha.

"Inu bwana! Tembenukani!"

Anatembenuka.

"Mlongo wanga wakufunsani funso. Lamulo liti? Litchuleni. Buku muli nalo? Tsegulani tsamba tiwerenge tonse pano. Ngati ndi mlandu, lembani pepala tikakumane kukhoti. Mwafufuza layisensi, ili bwino. Mwaponda matayala, ali bwino. Mwakanda galasi la munthu ndi lezala ngati mukupala nsomba, simunapeze kanthu. Amene anakupatsani mphamvu yowononga galasi ndani? Yogwaditsa bambo wa ana m'fumbi, ili pa tsamba liti?"

"Ndimwe ndani imwe amai?"

Ndinapisa m'bulauzi n'kutulutsa khadi langa la ntchito. Ndinalikweza m'mwamba kuti aone, ndipo anaonadi, iye ndi msika wonse.

"Ndine Ennie, sikauti wa ku Nsefu. Inenso ndimagwira anthu. Koma ndikagwira munthu ndimamuuza chimene walakwa, ndipo sindinagwaditsepo munthu. Yunifomu imeneyo si yanu, ndi ya boma. Mwaibwereka chabe."

Ndinanena zambiri kuposa izi, zina zosayenera kulemba. Ndinamufunsa ngati magalasi a kumaso kwakewo anali a ku fakitale kapena omata. Anthu anakuwa, amayi ena analuluta. Apolisi awiri aja anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Sajeni anavula magalasi, ndipo ndinaona kuti anali mwana wamng'ono kwa ine, wamaso ofiira ndi kutopa. Kenako anakweza dzanja n'kuloza msewu.

"Yendani."

Anthu anaomba m'manja. Bambo wamakala uja analiza belu la njinga yake. Ndikuvomera, zinandikomera. Ndinamva ngati ndamwa madzi ozizira mu Okutobala. Ndinatembenuka ndikumwetulira kuti ndikwere galimoto.

Pachitseko chotsegula paja panaima Fridah, atanyamula kabeseni ka nsomba m'chiuno. Sankaomba m'manja. Ankayang'ana mkati. Peggy anali atakhala tsonga, mutu uli pamtunda, chitenje chija chili pamiyendo pamene chinagwera atandigwira ndi manja awiri.

"Amake Winnie," anatero Fridah mofatsa. "Kiliniki inasamukira kuno?"

Fridah anayang'ana ine, anayang'ana khadi limene linali lidakali m'dzanja langa, anayang'ananso Peggy.

"Mufike bwino," anatero. Anabwerera pamalo pake, anavundikira nsomba ndi thumba, n'kutulutsa foni.

Tinafika pa bwemba. Peggy anatsika osatsanzika, mankhwala anawaiwala pampando ndipo ndinachita kumuthamangira nawo. Anawalandira osandiyang'ana. Titatsala awiri, Boyd analankhula kamodzi kokha, maso ali pamsewu.

"Makiyi ninali nitatola kale, asisi."

Ndinamukalipira. Ndinati ndiye kuthokoza kwake kumeneko, munthu ndakuchotsa manyazi pagulu.

Kudikira sabata ziwiri kunalibenso phindu, choncho tinapita kunyumba ya chitseko chobiriwira masana omwewo. Tinapeza pansi posesedwa bwino, ngowe zopanda kanthu zikulendewera kudenga, fungo la nyama yowamba ndi ntchentche. Mwini nyumba anatitulutsira mipando n'kutifunsa ngati timwa madzi.

Za Peggy ndinazimva kwa namwino wa pa kiliniki patapita masiku anayi. Banja linakhalanso pansi, pakhonde lomwe lija anagwirizana za lata. Apongozi ake ananena kuti sangasunge pamudzi mkazi wokwera galimoto ndi masikauti, wogulitsa mlamu wake. Za mwendo wa mwana palibe anatchula. Mathew anakhala pamenepo ngati wolakwiridwa. Jason anagwedeza mutu. M'mawa mwake anamanga mtolo wa mkazi wake panjinga n'kumuperekeza mpaka pamsewu, Winnie atakhala pakaliyala. Thonje lija linayera mu Juni ndipo linathyoledwa ndi anthu ena.

Mukuganiza kuti ndinathamangira ku Malama kukapepesa? Ayi. Ndinathamangira sajeni. Kukwiya n'kosavuta kusiyana ndi kuchita manyazi, ndipo ine kukwiya ndimakudziwa bwino. Ndinalemba kalata yodandaula ya masamba atatu. Ndinajambula mizere ya lezala pagalasi. Ndinakakamiza Boyd kusainira, iye asakufuna. Pa tchuthi changa ndinakwera basi kupita ku Chipata kukafunsa za lamulo lija, ndikudziuza kuti ndikuchitira Peggy.

Ndinafunsa anthu atatu ovala mataye ndipo ndinabwerako ndi mayankho atatu. Woyamba anati tinti iliyonse ndi yoletsedwa. Wachiwiri anati yomata yokha, ya ku fakitale ilibe mlandu. Wachitatu anati zimatengera ngati galimotoyo ndi yonyamula anthu kapena ayi, kenako anandifunsa ngati ndine loya. Palibe anatsegula buku. Ndinatuluka m'maofesi amenewo ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Ngati anthu okhala pamipando sagwirizana, dalaivala wa pamsewu adziwa bwanji chimene akugwadira?

Mu Ogasiti mkulu wina wa apolisi anandiitana. Anali bambo wodekha, wa imvi, ndipo anandipatsa mpando. Anati kuimika galimoto ndi kuyang'ana mkati, wapolisi amatha kutero, ndipo anandikumbutsa kuti magalimoto a magalasi akuda ndi amene amanyamula nyama imene ifeyo timaisaka. Za tinti ya ku fakitale anati aisiye kaye, ngakhale iwo amatsutsana. Koma kukanda galasi, kuponya makiyi, kugwaditsa munthu, anati zimenezo palibe pamene zinalembedwa. Sajeni Benwell anali atachotsedwa pamsewu. Anandilembera mizere inayi yopepesa n'kudindapo chidindo.

Ndi pepala limenelo m'chikwama ndinapeza mphamvu yopita ku Malama. Unali mwezi wa Seputembala, dzuwa likuswa mtengo. Boyd anandiperekeza pa galimoto yomwe ija, mizere ya lezala idakali pagalasi. Msewu wa kumeneko ndi wa mabampu ndi mchenga, ndipo tinafika thupi lonse likuwawa.

Tinamupeza pakhomo pa amalume ake, kumene anamupatsa kanyumba kamene kale kanali khitchini. Anali atakhala pamphasa akutonola chimanga cha eni khomo. Anali ataonda. Winnie anabwera kuchokera kuchitsime ndi kandowa pamutu, akukoka mwendo, madzi akutayikira paphewa nthawi iliyonse akaponda. Peggy anatiyalira mphasa ina, anatipatsa moni monga mwa mwambo, anafunsa za kunyumba ndi za ana a Boyd. Sanasiye kutonola.

Ndinatulutsa pepala. Ndinamufotokozera zonse, za kalata ya masamba atatu, za ku Chipata, za amuna atatu a mataye. Ndinamuwerengera mizere inayi ija pang'onopang'ono, n'kumuonetsa chidindo. Ndinati sajeni uja salinso pamsewu, sadzagwaditsanso munthu. Ndikulankhula ndinamva mawu anga akukwera monga anakwerera pamphambano paja, ndipo mkwiyo unabweranso wonse, wotentha, wokoma.

Peggy anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anaponya chitsononkho pamulu n'kutenga chimanga china.

"Ndiye mwawina, a Ennie."

"Tawina tonse. Analakwa, ndipo avomera."

Peggy anapukusa mutu pang'ono.

"Wapolisi uja ine sinimudziwa. Sananilonjeze kanthu. Anatsegula pang'ono, ananiona, anatseka." Anakweza maso n'kundiyang'ana koyamba kuchokera tsiku lija. "Amene anatsegula citseko ndimwe."

Pakamwa panga paja, pamene amati pangapepesetse njovu, panauma. Ndinayang'ana pepala lili m'manja mwanga. Ndinafuna kulisiya pamphasa, koma ndinaona kuti palibe chimene angachite nalo, ndipo ndinalipinda n'kulibwezera m'chikwama. Ndinati pepani. Linatuluka laling'ono, mochedwa ndi miyezi inayi. Peggy anati, "Zamveka," n'kuuza Winnie kuti atipatse madzi akumwa tisananyamuke.

Pobwerera sindinakhale kutsogolo ndi Boyd. Ndinatsegula chitseko cham'mbali n'kukhala pampando umene Peggy anakhala. M'galimoto munali motentha ngati mu uvuni, ndipo pamsewu panali anthu ambiri ochokera kuchigayo ndi ana a sukulu, ena otidziwa, akukweza manja kupereka moni.

"Nitsitse magalasi, asisi? Mupsa."

"Asiye choncho," ndinatero.